Unkhoswe wa ku Cavan

Ligowe,
Neno.

Wokondedwa Tisungeni, mwana wa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Wadzuka bwanji kumeneko? Nanga ntchito yosamalira agogo achizungu ija ikuyenda? Kuno Mulungu akutisungabe. Amayi ako msana uja sunawasiye, koma kudimba akupita. Akunyumba kwanga ali bwino, ana onse ali bwino. Chimanga takolola chongokwanira, mbatatesi ndiye yayesetsa chaka chino, ndipo manachesi ayamba kupsa, mavenda a ku Blantyre ayamba kale kutinyenga mitengo.

Foni yako ndikumaiona ikamalira. Yangayi sinawonongeke ayi, ndikungoisiya dala. Pa foni ine ndimafulumira kukalipa, netiweki n'kuduka mawu ali pakati, iwe n'kutsala ndi kukalipa kokhako. Ndiye ndati ndilembe. Mnzako wa ku sekondale uja, Mailesi, amene tsopano akuphunzitsa pa pulayimale pathupa, ajambula mapepalawa ndi foni yake akutumizire.

Unandipempha zinthu ziwiri. Choyamba, ndivomere kuti ukwatiwe ndi mnyamata wako wa kumeneko, Fergal. Chachiwiri, ndikhale nkhoswe yako. Unati yankho likufunika msanga chifukwa kutchalitchi kwanuko tsiku la ukwati amalembetsa kudakali kutali. Yankho lili m'kalata muno, koma usathamangire kumapeto. Uyambe wamva mmene wandizunzira mutu.

Ukudziwa kuti ine sindipereka mbumba yanga kwa munthu amene kwawo sindikudziwa. Mkulu wako atabweretsa mnyamata wa ku Matope uja, ndinapalasa njinga ndekha mpaka kumeneko. Ndinacheza ndi asodzi, ndinasuzumira m'nkhokwe, ngakhale manda a mtundu wawo ndinakawaona. Zofufuza zimakhala zitatu basi: anthuwa mbiri yawo ndi yotani, amadya chiyani, ndipo kukagwa vuto timafikako bwanji. Nanga ku Ireland ndipalasa njinga yake iti?

Ndiye ndinapita kwa Mailesi. Ana akaweruka tinkakhala pakhonde la sitandade 8, pamene netiweki imagwirako pang'ono, iye kumawerenga za pa foni n'kumandimasulira.

Poyamba zinayenda bwino. Anandiuza kuti dzina loti Cavan, kwawo kwa Fergal kuja, ndi la dera lonse komanso la tawuni yake yaikulu, kumene kuli maofesi, khoti ndi chipatala. Ndinati basi, apo ndamva, ndi chimodzimodzi Neno, mwana wathu akukhala paboma. Ndinasangalala ndithu. Chisangalalo changa chinathera pomwepo.

Akuti tawuniyo anaiyambitsa ndi mafumu a mtundu wa O'Reilly, amene anamangira ansembe nyumba ya mapemphero zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo. Ndinati chabwino, ndi anthu opemphera. Kenako akuti inatenthedwa. Anamanganso, inatenthedwanso. Ndinamuuza Mailesi kuti wabwereza mzere, iye akuti ayi malume, inapsadi kangapo. Ndinafunsa kuti ankatentha ndani, akuti nthawi zambiri Angerezi, nthawi ina eni ake omwe atayambana.

Angerezi ake ati? Akuti omwewa anatilamulira ifewa. Aaa, koma abale! Ndiye azungu ankalamulidwanso ndi azungu anzawo, kulandidwa minda, kumapereka msonkho? Ine zimenezi kusukulu sanandiphunzitse. Mailesi anandionetsa chithunzi cha zimene zinatsala pa nyumba ya ansembe ija, kansanja kamodzi ka miyala katangoti njo pakati pa manda.

Kenako anafika pa njala. Akuti kalekale anthu kumeneko ankadalira mbatatesi yokha, yomweyi imene pamsika timaitchula ndi dzina la dziko lawo. Inagwidwa chiwawu, n'kumaolera m'nthaka zaka zotsatizana. Ine ndalima mbatatesi moyo wanga wonse, fungo la munda woola ndimalidziwa, moti apa sindinafune kumasuliridwa zambiri. Anthu anafa osawerengeka. Otsala anakwera zombo kupita ku Amereka ndi kwina, ndipo akuti mpaka lero anthu a dera limenelo sanachulukenso kufika pa mmene analili njala isanagwe.

Kenako ndinamufunsa Mailesi kuti kodi ngati eni ake anathawako, wathuyu akukafunako chiyani? Anangoseka, akuti zimenezo n'zakale, lero kuli bwino. Kaya.

Tinalowa funso lachiwiri, la chakudya. Akuti ndi anthu a ng'ombe za mkaka, nkhumba ndi nkhuku. Izi zinagwirizana ndi zimene unandiuza, zoti Fergal amayendetsa thanki yotolera mkaka m'makomo. Malume ako aang'ono, a Jimu, atangomva za ng'ombe anavomera ukwati nthawi yomweyo, maso ali gwa. Ndinachita kuwakumbutsa kuti kwathu kuno mwana sitisinthanitsa ndi ng'ombe.

Koma akutinso amalima bowa. Ndinati Mailesi, usandiyese mwana. Bowa amalima? Bowa ndi wa Mulungu, amadzimerera yekha m'tchire mvula ikagunda. Iye akuti ayi, amamulima m'nyumba zazitali za pulasitiki chaka chonse, n'kumadzaza malole kupita naye ku Mangalande. Mpaka pano sindikudziwa kuti mbewu yake amaitenga kuti.

Ukukumbuka ndinakupempha chithunzi cha nkhokwe ya kwa Fergal? Unanditumizira mitolo ikuluikulu yokulungidwa m'mapulasitiki akuda, yosanjikizana kuseri kwa khola. Ndinayenda nacho chithunzicho mudzi wonse, kuonetsa anthu kuti taonani chakudya cha kwa apongozi athu. Mailesi ndiye anadzandiuza kuti umenewo ndi udzu wa ng'ombe. Manyazi ake! Ndiye kuti ng'ombe zili ndi nkhokwe, anthu alibe, amangodalira sitolo. Sitolo ikadzatsekedwa?

Nyanja akuti zilipo zambirimbiri, eni ake amati n'zochuluka ngati masiku a pa chaka. Ndinati bola, ndiwo sizivuta. Akuti ayi, ambiri akawedza nsomba amaijambula chithunzi n'kuibwezera m'madzi. Mlamu wako wa ku Matope nditamufotokozera anangogwira pakamwa.

Pali china chimene Mailesi ankafuna kuchidumpha, koma ndinamuona akuseka yekha ndipo ndinamukakamiza. Akuti m'dziko lonse la Ireland anthu a ku Cavan amasekedwa kuti ndi ouma manja. Iye anati ndi nthabwala chabe, zonyogodolana za anthu oyandikana. Ine sindinaseke. Mbiri yotere imachokera penapake. Nditawauza amayi ako anawomba m'manja, akuti n'chifukwa chake mwana wanga akuoneka woonda pa zithunzi za chaka chino, akumumana chakudya.

Tsopano funso lachitatu, limene kwa nkhoswe ndiye lenileni, la kafikidwe.

Ndinayamba kufunsa za sitima, poti ndimamva kuti kwa azungu sitima ili paliponse. Akuti ku Cavan njanji inaliko, koma anaitseka kalekale, ine ndisanabadwe n'komwe, kunangotsala nyumba ya siteshoni. Taona zimenezo. Kuno njanji ilipo yatsopano, sitima ya malasha imadutsa kumunsi uku tsiku ndi tsiku osatiyang'ana n'komwe. Kumeneko siteshoni ilipo, sitima kulibe. Kodi dzikoli anasokoneza ndani?

Akuti koma mabasi ndiye alipo, ochokera ku Dublin, ulendo wa maola awiri pa tala wokhawokha. Akuti basi imanyamuka nthawi yake ikakwana, ngakhale muli anthu atatu. Ndinafunsa kuti nanga kondakitala amadya chiyani, akuti kondakitala kulibe, woitanira kulibe. Akutinso chapafupi pomwepo pali malire, tsidya linalo ndi boma lina, ndalama ina, koma palibe chipata, palibe wapolisi, umangozindikira wadutsa. Ine amene ndinatenthedwapo ndi dzuwa pachipata cha Mwanza chifukwa cha thumba limodzi la nyemba, zimenezo sindinazikhulupirire.

Komabe ndinati maola awiri si kanthu, n'chimodzimodzi kuchoka pano kukafika pa Zalewa mvula isanawononge msewu. Apa Mailesi anaika foni pansi n'kundiyang'ana mwachisoni. Anati malume, maola awiriwo ndi omalizira. Muyambe mwatsika ndi kabaza, mukwere minibasi, mukafike ku bwalo la ndege. Ndege zake ndi ziwiri kapena zitatu. Musanatero mukhale ndi pasipoti, imene mulibe. Mukaipeza mupemphe chilolezo cholowera m'dzikolo, chimene chimatenga milungu, mwina miyezi, ndipo akhoza kukukanizani osakuuzani chifukwa chomveka.

Tisungeni, apa ndiye ndinafooka. Ntchito ya nkhoswe si kuvala jekete pa tsiku la chinkhoswe ayi. Mkazi akathamangitsidwa amakagogoda kwa nkhoswe. Akadwala, mwamuna amathamangira kwa nkhoswe. Mkulu wako atavutana ndi mwamuna wake, uthenga unandipeza kumunda, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditakhala pamkeka ku Matope. Nanga iwe udzagogoda pati? Ine ndizidzapempha chilolezo ku Lilongwe iwe ukulira?

Tinakhala pansi pachibale. A Jimu anati tivomere, ng'ombe sizinama. Amayi ako anakana kwamtuwagalu. Anati mwamuna ngati akukufunadi abwere adzamange kuno monga amachitira amuna onse, malo alipo, anakhomamo kale zikhomo kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala uja. Ndinawafotokozera zimene unandiuza, zoti Fergal ndi mwana yekhayo amene anatsala pakhomo, bambo ake anamwalira, sangasiye mayi ake ndi ng'ombe. Iwo anati nanga iwowo ndi mtengo, alibe mwana wofuna kumuona? Ine pakati, mutu uli ng'ing'ing'i.

Pomaliza ndinati nkhani yotere sitingaimalize tokha, ndilankhule ndi nkhoswe ya kuchimuna. Ndi pamene ndinakuuza kuti undipezere amalume ake a Fergal. Yankho lako linandimaliza. Wina ali ku Amereka, wina ku Australia, wachitatu anamwalirira ku Mangalande. Mtundu wanji wopanda malume ndi mmodzi yemwe pakhomo? Unati amene alipo ndi mayi ake okha, amayi Nuala. Kholo silikhala nkhoswe ya mwana wake, zimenezo ngakhale mwana wa sitandade 1 amadziwa, koma ndikanatani? Ndinalolera.

Pa chinthu chimodzi chokha sindinagonje. Ndinati pokambirana iwe ndi Fergal musakhalepo, chifukwa akuluakulu akamakamba za ukwati eni ake amakhala kutali. Unachonderera, unati ukhalepo kuti uzimasulira, unaimba kawiri konse. Ine ndinakana, ndinati Mailesi alipo. Mumtima ndinkati taonani mwana uyu, chizungu chamulowa, akufuna kudzikambira yekha ukwati. Sindinadziwe kuti ukuopa china.

Tinasankha Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Tinatsikira ku Lisungwi, kugolosale kwa a Gabriel, chifukwa kumeneko netiweki ndi yamphamvu ndipo foni ikhoza kukhala pamoto. Anatipatsa kachipinda kosungira katundu. Ine ndinavala jekete, amayi ako chitenje chawo chatsopano. A Jimu anabwera ndi thadzi m'dengu, akuti akuchimuna alione, adziwe kuti ife mbali yathu takonzeka, iwo akonze tambala. Ndinawafunsa kuti tambalayo adzakwera ndege iti.

Foni italumikizana tinangoona chipumi ndi tsitsi loyera. Mailesi anawauza kuti aisunthe pang'ono, ndiye tinawaona bwino: mayi wachikulire, wochepa thupi, wa magalasi, ali kukhitchini, kapu ya tiyi m'manja. Fergal anangotipatsa moni mwaulemu n'kutuluka, monga ndinalamulira. Pamenepo ndinamupatsa mamalikisi.

Tinawalonjera mmodzimmodzi, aliyense kufunsa za moyo, za pakhomo, za ziweto. Iwo poyankha anayamba kudandaula za mvula. Akuti dzulo inagwa, lero ikugwa, mawa igwanso. Ife tinawomba m'manja kuthokoza Mulungu, iwo n'kumatiyang'ana modabwa. Mailesi anayesa kufotokoza mbali zonse ziwiri, koma ndikuona ngati mpaka lero aliyense akuganiza kuti mnzake sanamve.

Ine sindibisa mawu, umandidziwa. Ndinamuuza Mailesi kuti awafunse ngati zili zoona kuti anthu a kwawoko ndi ouma manja. Anakana, akuti malume zimenezo safunsa. Ndinati funsa, ndine nkhoswe. Atafunsa, mayi aja anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kuvula magalasi. Akuti n'zoona ndithu, malemu amuna awo kathumba kamodzi ka tiyi ankakaviika kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Sindinadziwe ngati ndiseke nawo kapena ndinyamuke ndizipita. Munthu amavomera mlandu akuseka?

Kenako ndinakonza jekete n'kufunsa funso limene ndinabwerera. Ndinati mayi, ife tili kutali, njira ndaifufuza ndipo ndaona kuti ndi yosayendeka. Mwana wathuyu akadzadwala, kapena zinthu zikadzavuta, adzamuthamangire ndani?

Anayankha mosavutika, akumwa tiyi wawo. Analankhula nthawi yaitali ndithu. Ine ndikuyang'ana Mailesi kuti ayambe kumasulira, Mailesi ali duu. Amayi ako anamugwedeza paphewa kumufunsa kuti akuti chiyani. Iye anayang'ana ine, anayang'ana pansi, maso atadzaza misozi. Ndinamuuza kuti anene zonse, asasiyeko ngakhale liwu limodzi.

Akuti tisade nkhawa, adzachita monga anachitira mu Januwale, pamene iwe unagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Akuti masiku oyambirira zinali zoopsa, unkapumira m'machubu, madokotala sankalonjeza kanthu. Iwo ndi Fergal ankasinthana kukhala pambali pa bedi lako. Utatuluka anakutengera kunyumba kwawo, chifukwa sukanatha kukwera masitepe a kumene umakhala. Ankakusambitsa, kukuphikira supu, mpaka unayambanso kuyenda wekha kukafika pamsewu.

Ankanena zonsezi akumwetulira, poganiza kuti akutikumbutsa zimene tikudziwa kale.

Amayi ako sanalire nthawi yomweyo. Anatsetsereka pa mpando n'kukhala pansi, pakati pa matumba a shuga, miyendo atatambasula. Anangofunsa kuti Januwale wake uti. Mailesi anati wa chaka chomwechino.

Tonse tinakumbukira. Ndi mwezi umene unasiya kuimba n'kumangotumiza timauthenga tolemba, tifupitifupi, kuti foni yavuta, ntchito yachuluka, muli bwanji kumeneko. Ife tinali pa kalikiliki wobandira chimanga. Ine ndinafika podandaula kwa a Jimu kuti mwana uyu wayamba kunyada.

Amayi Nuala ataona amayi ako ali pansi anazindikira. Anaika kapu patebulo, anagwira pakamwa, nkhope yonse inafiira. Anapepesa mobwerezabwereza, akuti sankadziwa kuti sunatiuze, akanadziwa akanakukakamiza. A Jimu ananyamula dengu lawo la nkhuku mwakachetechete n'kutuluka nalo panja.

Kenako amayi Nuala anayambanso kulankhula, ulendo uno pang'onopang'ono, kumudikira Mailesi. Akuti anali ndi mng'ono wawo wamkazi. Ali mtsikana anakwera basi pa tawuni yomweyo kupita kukagwira ntchito ku Mangalande, monga ankachitira atsikana ambiri a nthawi imeneyo. Makalata ake onse ankati ali bwino. Anadwala, anamwalira m'chipatala cha kumeneko popanda wachibale pambali, ndipo kwawo anamva zonse zitatha. Mayi awo anakalamba mpaka kumwalira akufunsabe kuti ndani anamutseka maso mwana wawo.

Akuti n'chifukwa chake Fergal atawauza kuti uli m'chipatala, sanafunse kuti ukwati ulipo kapena palibe, anangotenga jasi. Akuti anthu a kumeneko akhala akuperekeza ana awo kudepoti kuyambira nthawi ya njala ija, ndiye mpando umene takhalapo ifewu amaudziwa, anaukhalapo.

Ine ndinali nditakonza mafunso ena ambiri, za tambala, za tsiku, za mpingo. Onse anandithawa. Ndinangoti zikomo mayi, zikomo kwambiri, ndipo ndinazindikira kuti ndavula chipewa ndikulankhula ndi foni.

Tinabwerera ku Ligowe. Kutacha ndinawapeza amayi ako kuseri kwa nyumba akuzula zikhomo zija pa malo amene anakusungira. Ndinawafunsa kuti mukutani, anati mayi amene anasambitsa mwana wanga ine ndili kuno osadziwa kanthu, ndingamukanize bwanji? Anazimanga mtolo n'kukaziponya kukhitchini pa nkhuni. Kuyambira tsiku limenelo amangobwereka foni ya Mailesi kuyang'ana zithunzi zako zoonda zija, zimene tinkanamizira anthu osalakwa kuti akukumana chakudya.

Tsopano ndikuuze za ine. Sindikudziwa ngati ndili wokwiya kapena wothokoza, zonse zikundibwerera nthawi imodzi. Ndikamapalira ndimapezeka ndikukukalipira mokweza, anthu odutsa kumandiyang'ana. Ndikakhala pansi ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mayi wachizungu amene sindinamugwirepo chanza. Ndinatha milungu ndikufufuza njira yodzathamangira kwa iwe vuto likadzagwa, osadziwa kuti vuto linagwa kale, ena anathamanga kale, linatha. Nanga ine ndine ndani pamenepa? Ndine mwini mbumba wa mtundu wanji?

Unatiyesa ana eti? Ukanapita, tikanamva kwa ndani, m'chilankhulo chanji? Ndikudziwa zimene uyankhe. Uti sunafune kutidetsa nkhawa, uti amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, uti ngakhale tikanadziwa sitikanachita kanthu. Zonsezo n'zoona, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Koma nkhawa imeneyo ndi yathu, Tisungeni. Tinakubereka, tinakulera, ndi gawo lathu. Sunayenere kutilanda.

Yankho lako nali. Ndavomera. Amayi ako avomera, a Jimu ndiye anavomera kalekale. Kalembetseni tsiku lanulo. Fergal akhale mkamwini wathu ngakhale sadzagwira khasu pamunda wa apongozi ake. Za chinkhoswe tidzakambirana, kaya mudzabwera kuno, kaya tidzachitira pa foni kugolosale kwa a Gabriel, ine sindikudziwanso kuti zoterezi zimayenda bwanji, sindinazionepo.

Unkhoswe ndauvomeranso, ngakhale ndikudziwa tsopano kuti ndidzakhala nkhoswe yosafika. Ndinkafuna kumuikira Fergal malamulo ambiri, koma ndapeza kuti lamulo ndili nalo limodzi lokha, ndipo si la iye, ndi lako.

Chilichonse chikakugwera, utiuze tsiku lomwelo. Kaya ndi matenda, kaya mwayambana, kaya ndi pathupi pavuta. Ukalephera kulankhula, Fergal aimbe, amayi Nuala aimbe, Mailesi adzamasulira. Sitidzafika, zimenezo ndazivomereza ngakhale zikundiwawa. Koma tidzasiya makasu. Tidzasonkhana pakhonde pa amayi ako, tidzaitana a mpingo, tidzakhala nawe tili konkuno. Mu Januwale muja panali tsiku limene tinachita phwando la ubatizo wa mwana wa mkulu wako. Tinapha mbuzi, amayi ako anavina mpaka chitenje kumasuka. Ndakhala ndikuwerengera, ndipo ndikuona kuti ndi sabata yomweyo imene iwe unkapumira m'machubu. Usadzatichititsenso zimenezo, mwana wanga, kutivinitsa pa tsiku loyenera kugwada.

Undiperekere moni kwa Fergal, umuuze kuti malume ake amuona ndipo amulandira. Kwa amayi Nuala upite wekha, usatume foni. Ukagwade monga tinakuphunzitsira, ngakhale adabwe, uwauze kuti a ku Ligowe akuti alibe mawu. Akunyumba kwanga, a Jimu, mkulu wako ndi ana onse akupereka moni. Uzivala zofunda, akuti kumeneko ngakhale chilimwe chimazizira. Ambuye akusunge, akulimbitse chifuwa chimenecho, atisunge ndi ife mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Kalatayi ndawawerengera amayi ako ndisanaitseke. Ati zonse zili bwino, koma ndiwonjezere funso limodzi, ndipo yankho lake usalembe, akufuna alimve pakamwa pako. Akuti pamene mpweya unkakuthera paja, kodi unawaitanako?

Ndine malume ako,
Binwell Laimoni